KAIDI AMENE ANASANDUKA MWINI NYUMBA YA ALENDO: MBIRI YA JAMES SQUIRE NDI BANJA LACE

Kawiri-kawiri mbiri yakale imachula mafumu, ankhondo ndi abwanamkubwa, ndipo anthu wamba imangowalumpha. Koma lero tikamba za munthu wamba, Mngelezi dzina lace James Squire, amene Boma la kwao linampitikitsa cifukwa ca kuba nkhuku, ndi kumtumiza ku Australia, ku malekezero a dziko lapansi. Kumeneko anakwapulidwa, anamasulidwa, analima, anafulula mowa, namanga nyumba ya alendo imene inachuka m'dziko lonselo. Ndipo mdzukulu wace anadzakhala nduna yaikulu ya Boma. Nkhaniyi inacitika kutali, koma mafunso ace ndi omwe aja timafunsana m'midzi mwathu. Kodi munthu amene anagwa pa mlandu angathe kuimanso? Kodi mwamuna wopita kutali, wosabweranso, ali ndi mangawa otani kwa mkazi ndi ana amene anawasiya? Nanga mlendo akalemera pa dziko la eni, eniwo atsala ndi ciani?

CIFUKWA CACE ANATUMIZA AKAIDI KUTSIDYA KWA NYANJA

M'zaka za 1700 malamulo a ku England anali aukali koposa. Munthu anali kunyongedwa cifukwa ca kuba kavalo, nkhosa, kapena katundu wa m'sitolo wa masheleni 5 okha. Oweruza ambiri anaona kuti kupha munthu pa milandu yotere n'kunyanya, koma ndende zosungiramo anthu zaka zambiri zinali zosowa. Tsono mu 1718 anakhazikitsa lamulo lakuti ocimwa azitumizidwa ku America, kukagwira nchito m'minda zaka 7 kapena 14. Akaidi ngati 50,000 anaoloka nyanja mwa njira imeneyi. Koma mu 1775 anthu a ku America anaukira mfumu ya Angelezi, ndipo khomo limenelo linatsekeka. Ndende zinadzaza, kufikira kuti ena anawaunjika m'ngalawa zakale zoola zimene zinaima pa mtsinje wa Thames, m'mene nthenda zinapha ambiri.

Pamenepo Boma linayang'ana ku Africa kuno. Mu 1782 linatumiza akaidi ena ku malinga a ku Gold Coast, kumene tsopano ndi Ghana, kuti akakhale asilikali. Ambiri anafa ndi malungo, ena anathawa. Mu 1785 linaganiza za cisumbu ca Lemain pa mtsinje wa Gambia, koma akulu a msonkhano wa malamulo anakana poopa kuti anthu onse akafera komweko. Mu 1786 ngalawa yochedwa Nautilus inakazonda gombe la Das Voltas, pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Orange, ndipo inapeza mcenga ndi miyala yokha-yokha, popanda madzi akumwa. Izi zitakanika, anasankha Botany Bay ku Australia, kumene James Cook anafikako mu 1770. Gombe lija likadakhala la madzi, nkhani ino ikadacitika pafupi ndi ife.

Angelezi sanali okha pa mcitidwe umenewu. Apwitikizi nawonso anali kutumiza akaidi ao, amene anawacha degredados, ku Angola ndi ku Mozambique. Ena a iwo anakwera mtsinje wa Zambezi kufika ku Sena ndi ku Tete monga asilikali a m'malinga, nakwatira akazi a m'dzikomo, osabwereranso kwao.

MLANDU WA NKHUKU

James Squire anabadwa mu 1754 ku Kingston upon Thames, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje kumtunda kwa London. Mu 1776 anakwatira Martha Quinton, nabala naye ana atatu. Pa 11 Epulo 1785 anaima pa bwalo la milandu la m'mudzi momwemo, pa mlandu wa kuba nkhuku zazikazi 5, atambala 4 ndi tinthu tina pa khomo la munthu mnzace. Kwathu kuno mlandu wotere ukadathera pa bwalo la mfumu: wakubayo akadalipa mbuzi, nacita manyazi, n'kubwerera kwa ana ace. Koma Squire anamlamula kuti apite kutsidya kwa nyanja zaka 7. Lamulo linachula zaka 7, koma Boma linali kulipira ulendo wopita wokha. Wofuna kubwerera anayenera kudzionera yekha.

Atakhala m'ndende zaka ziwiri, anamkweza m'ngalawa. Pa 13 Meyi 1787 ngalawa 11 zinanyamuka pa dooko la Portsmouth, mtsogoleri wace Arthur Phillip, zitasenza akaidi oposa 700, amuna ndi akazi, pamodzi ndi asilikali ndi amalinyero. Squire anafika m'ngalawa yochedwa Charlotte. Anaima ku Tenerife ndi ku Rio de Janeiro, ndipo pa 13 Okotobala anakoceza ku Cape Town, kumene anakhala mwezi wathunthu. Kumeneko anagula kwa Adachi ng'ombe, nkhosa, mbuzi, nkhumba, akavalo, nkhuku ndi mbeu. Cotero ng'ombe zoyamba kuponda dziko la Australia zinali za ku Africa. Atatha miyezi 8 pa ulendo, anafika ku Botany Bay mu Januwale 1788. Poona kuti madzi ndi ocepa ndi nthaka ndi yoipa, Phillip anasunthira cakumpoto pang'ono, ndipo pa 26 Januwale anakweza mbendera pa malo amene tsopano pali mzinda wa Sydney.

NJALA NDI CIKOTI

Zaka zoyamba zinali za njala. Nthaka ya pa Sydney inali yamcenga, mbeu zambiri zinaonongeka pa ulendo, ndipo akaidi ambiri anali anthu a m'tauni amene sanagwirepo khasu cibadwire. Ng'ombe zija za ku Cape zinasocera m'chire mu Juni 1788, osapezeka kufikira 1795, pamene anazipeza zitaswana kufika ngati 60. Phoso anali kulicepetsa nthawi ndi nthawi, ndipo kuba cakudya kunakhala mlandu wa imfa. Mu 1789 asilikali 6 ananyongedwa cifukwa ca kuba m'nkhokwe ya Boma.

M'caka comweco Squire anagwidwanso. Anaba m'nkhokwe ya cipatala masamba owawa a mankhwala ochedwa horehound. Pa bwalo ananena kuti anatengera Mary Spencer, kaidi wamkazi amene anali ndi pakati pace. Oweruza anamlamula zikoti 300: zikoti 150 nthawi yomweyo, ndi zotsala pamene msana wace udzatha kuzipirira. Anapulumuka cingwe pang'onong'ono.

Ambiri olemba mbiri akhulupirira kuti masamba aja anawafunira mowa. Inu amai amene mumafulula mudziwa kuti mowa uyamba ndi cimera. Angelezi nawonso ayamba ndi cimera, koma cao ndi ca barele, ndipo amathiramo maluwa a mbeu yoyanga yochedwa hops, amene amaupatsa kuwawa kokoma ndi kuusunga kuti usasase msanga. Ku Australia kunalibe hops, ndipo barele anali wosowa; cifukwa cace ofulula oyamba anayesa ciri conse cowawa. Mu 1796 munthu wina dzina lace John Boston anafulula mowa wa cimanga, nathiramo masamba a jamu, yemwe uja amamera m'mabwinja mwathu. Squire mwini, pofunsidwa ndi nthumwi ya Boma John Bigge mu 1820, ananena kuti anakhala akufulula zaka 30. Mukawerenga cobwerera m'mbuyo, mufika pafupi ndi caka ca zikoti zija.

MUNDA NDI NYUMBA YA ALENDO

Zaka zace 7 zinatha mu 1792. Mu 1795 Boma linampatsa maekala 30 pa malo ochedwa Kissing Point, kumpoto kwa mtsinje wa Parramatta. Akaidi ena omasulidwa analandira minda yotere pafupi naye, koma ambiri anatopa ndi zitsa, nagulitsa minda yao pa mtengo wocepa. Squire anagula munda ndi munda, kufikira anakhala ndi maekala mazana ambiri. Analima tirigu ndi cimanga, anaweta nkhosa ndi nkhumba, naoka mitengo ya zipatso.

Koma cimene cinamlemeretsa koposa ndi malo amene munda wace unali. Masiku amenewo kunali midzi iwiri yaikulu: Sydney pa nyanja, ndi Parramatta kumene kunali minda, mailosi 15 cakumadzulo. Mseu wa pakati pace unali woipa, ndipo anthu ambiri ndi katundu anali kuyenda pa mtsinje. Opalasa mabwato anali kulimbana ndi mphepo ndi madzi a nyanja amene amakwera ndi kuphwa tsiku ndi tsiku, ndipo pofika pakati pa ulendo anali ndi ludzu ndi njala. Pakati pa ulendopo ndiye panali khomo la Squire. Mu 1798 analandira laisensi, natsegula nyumba ya alendo imene anaicha Malting Shovel, ndiko kunena fosholo yotembenuzira cimera. M'dziko lopanda misika yeni-yeni, nyumba yotere inali ngati bwalo la mudzi: apaulendo anali kudya ndi kupumula, alimi anali kupangana mitengo, ndipo mbiri ya ngalawa yofika kumene inali kumveka pomwepo. Mwini nyumba anali kugulitsa mowa wofulula yekha, wa dzinthu za m'munda mwace, osalipira wonyamula.

Boma lomwe linafuna kuti nchito yace ikule, ndipo cifukwa cace ndi ici. M'dzikomo ndalama zacitsulo zinali zosowa, ndipo m'malo mwace anthu anali kugulana ndi ramu, cakumwa caukali conga kacasu. Akulu a asilikali a gulu la New South Wales Corps anali kugula ramu yense wofika pa dooko, ndi kumgulitsa pa mtengo umene anafuna okha. Anchito anali kulandira malipiro ao m'mabotolo, ndipo alimi anali kumwa minda yao. Bwanamkubwa Philip Gidley King anaganiza kuti anthu akapeza mowa wosaledzeretsa kwambiri ndi wosakwera mtengo adzacepetsa ramu, monga umo ena amanenera kwathu kuno kuti masese aposa kacasu. Mu 1804 Boma linatsegula nyumba yace yofululira ku Parramatta, koma hops anali kucokerabe ku Ulaya. Squire anayesa kuoka mbeuyi zaka zingapo, osataya mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1806 anatengera Bwanamkubwa King hops woyamba wokhwimira m'nthaka ya Australia, ndipo King anakondwa, nalamula kuti ampatse ng'ombe yaikazi ya m'khola la Boma. Masiku amenewo ng'ombe inali cuma cosapezeka wamba. Mphamvu ya ogulitsa ramu inaoneka poyera mu 1808, pamene asilikali aja anamanga Bwanamkubwa William Bligh, amene anayesa kuletsa malonda ao.

Squire anaikidwanso kukhala wapolisi wa dera lace. Taganizani: munthu wa zipsera za cikoti pa msana, ndiye anagwira ndodo ya lamulo. Pa nthawi ya Bwanamkubwa Lachlan Macquarie, kuyambira 1810 kufikira 1821, akaidi omasulidwa ambiri anakwera motere, pakuti Macquarie anakhulupirira kuti munthu akatsiriza cilango cace mlandu wathera pomwepo. Azungu ena amene anadza mwaufulu anadana nazo, nakana kudya pa gome limodzi ndi anthu otere.

BANJA LA KUNO NDI BANJA LA KWAO

Tsopano tifike pa mbali ya nkhani imene siikoma. Mary Spencer anamtumiza ku cisumbu ca Norfolk mu 1790, ndipo kumeneko anabala mwana wamwamuna dzina lace Francis, amene analembedwa ali wamng'ono kukhala woimba ng'oma wa asilikali. Pambuyo pace Squire anakhala ndi Elizabeth Mason, nayenso kaidi, nabala naye ana 7. M'zaka zace zotsiriza anakhala ndi mkazi wina, Lucy Harding. Ana ace onse anali 11, mwa amai atatu. Koma ku England sanabwererenso. Martha, mkazi wa ukwati wace, sanamuonenso, ndipo ana atatu aja anakula opanda atate ao.

Ife tiri nalo dzina la munthu wotere: timati mchona. M'midzi yambiri ya ku Malawi, ya kum'mawa kwa Zambia ndi ya ku Tete mulibe banja losadziwa mau amenewa. Amuna anali kunyamuka pansi, kuoloka Zambezi pa Tete, kapena kukwera malole a Ulere, kunka ku Salisbury, ku mapulazi a fodya, ku migodi ya Wankie kapena ku Joni. Potsazika anali kunena kuti akapeza ya msonkho ndi ya njinga abwera. Ambiri anabweradi. Ena makalata ao anayamba kucepa, kenaka analeka. Anapeza mkazi komweko, anabala ana, ndipo mkazi wa kumudzi anakalamba alikuyang'ana kunjira.

Squire anacoka kwao ndi unyolo, pamene makolo athu anacoka ndi msonkho ndi umphawi. Koma kuyambira 1792 iye anali mfulu, ndipo patapita zaka anali ndi cuma cokwanira ulendo. Tisafulumire kumtsutsa. Ku Kingston akadakhala wakuba nkhuku uja kufikira imfa, wopanda munda. Ku Kissing Point anali mwini malo wolemekezeka, ndi ana ena 7 omuyang'ana. Komabe tisaiwalenso Martha. Mbiri yasunga dzina la nyumba ya alendo, ng'ombe ya Bwanamkubwa ndi zikoti 300, koma mtolo umene mai uja anasenza yekha palibe anauyesa pa sikelo. Cilango ca nkhuku 9 cinagwera anthu asanu, ndipo anai a iwo sanabe kanthu.

ENI DZIKO

Maekala 30 aja Boma linawapereka ndi pepala, ngati kuti analibe mwini. Koma eni ace analipo: anthu a mtundu wa Wallumedegal, asodzi a pa mtsinje umenewo, amene makolo ao anakhalapo zaka zikwi zambiri. Palibe anawafunsa, palibe anawalipira. Mu 1789 nthomba inagwa pakati pa eni dziko a mbali ya Sydney, ndipo akuti inapha ngati theka la iwo. Akulu athu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma alendo awa sanakamuke.

Mmodzi wa eni dziko amene dzina lace limveka kufikira lero ndi Bennelong. Mu 1789 Phillip analamula kuti amgwire, kuti aphunzire Cingelezi ndi kukhala womasulira pakati pa mitundu iwiriyi. Mu 1792 anamtenga kunka naye ku England, pamodzi ndi mnzace Yemmerrawanne, amene anafera komweko mu 1794. Bennelong anabwerera mu 1795, ndipo patapita nthawi anasiya za Azungu, nakhalanso pakati pa anthu a mtundu wace monga mkulu wao. Zaka zace zotsiriza anakhala pa malo a Squire, ndipo ziri zodziwika kuti awiriwa anali kumvana. Pamene anamwalira pa 3 Januwale 1813, anamuika m'munda wa zipatso wa Squire. Onse awiri anaoloka nyanja yomweyo, wina kunka uku, wina uko. Koma wobwera anatsala ndi pepala la malo, ndipo mbadwa inapeza manda mwa cifundo ca mlendo. Mu 2011 akatswiri analoza malo a mandawo pa khomo la nyumba ina ku Putney, ndipo mu 2018 Boma la New South Wales linagula malowo kuti asungike. Mu 1992, pa mlandu wa Mabo, bwalo lalikulu la Australia linakana ciphunzitso cakale cakuti dzikolo linalibe eni pamene Angelezi anafika. Ife a maiko atatu ano, amene tidziwa za malo operekedwa ndi pepala eni ace ali pomwepo, sitisowa wotimasulira mbali imeneyi.

IMFA YACE NDI ZIDZUKULU

James Squire anamwalira pa 16 Meyi 1822, ali ndi zaka 67. Akuti maliro ace anaposa maliro onse amene anaoneka m'dzikomo kufikira nthawi imeneyo. Amene anamdziwa analemba kuti anali kukongoza ndi kuthandiza alimi osauka, pa nthawi imene munthu wosauka analibe kwina kokakongola. Mwana wace James anayendetsa nchito ya mowa kufikira imfa yace mu 1826, ndipo pambuyo pace mkamwini, Thomas Farnell, mwamuna wa Mary Ann, anaigwira kufikira 1834. Mwana wa awiriwa, James Squire Farnell, wobadwa mu 1825, anakhala nduna yaikulu ya New South Wales kuyambira 1877 kufikira 1878, ndipo ndiye woyamba wobadwira m'Australia kukhala pa mpando umenewo. Kucokera pa bwalo la mlandu wa nkhuku kufika pa mpando uja panapita zaka 92.

Kutumiza akaidi ku Australia kunatha mu 1868, atatumizidwa anthu ngati 162,000. Kwa zaka zambiri zidzukulu zao zinali kubisa ciyambi cao cifukwa ca manyazi, ndipo agogo ena anafa osauza ana ao dzina la ngalawa imene anadzera. Lero zinthu zatembenuka: anthu a kumeneko amafufuza m'mabuku akale a Boma, ndipo wopeza kaidi pa mzere wa makolo ace amanyada. Dzina la James Squire lomwe lalembedwa pa mabotolo a mowa wina wogulitsidwa m'dzikomo.

Apa pali mau kwa inu ana ndi adzukulu a machona, obadwira ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose ndi m'makomboni a mapulazi ndi migodi. Ambiri a inu munakula mulikunyozedwa ngati anthu opanda kwao, ndipo zitupa zanu zinakuchani alendo m'dziko lomwe munabadwiramo, kufikira malamulo akulu a Zimbabwe a 2013 anabvomereza kuti wobadwira m'dzikomo mwa makolo a maiko oyandikana a SADC ndi mbadwa. Musacite manyazi ndi njira imene agogo anu anadzera. Afunseni akali moyo dzina la mudzi, la mfumu ndi la mtsinje wa kwao, ndipo mulembe m'buku kuti ana anu adzawerenge. Inu amuna amene muli pa nchito kutali, kumbukani Martha: kalata ndi kangacepe ka pa mwezi zisaleke, ndipo chuti cikakwana pitani mukaonekere. Ndipo inu mafumu ndi olemba anthu nchito, mnyamata akatuluka m'ndende nafika pa khomo panu kupempha munda kapena nchito, kumbukani kuti Squire sakadaimanso akadapanda kulandira maekala 30 aja.